Mwana Wakula Koma Fizi Tikulipira Ndife: Timuthandize Bwanji?

Funso la phunziro lathu lino ndi ili: mwana akafika zaka 19 kapena 20 n'kupita ku koleji, koma chakudya, lendi ndi fizi zikuchokerabe m'thumba mwathu, kodi mwini wa moyo wakewo ndani? Ena amayankha msanga kuti wolipira ndiye wolamula. Ena, makamaka achinyamatawo, amati munthu akakula wakula basi, makolo azingotumiza ndalama n'kukhala chete. Mayankho awiri onsewa savuta kunena, koma onse amasiya mabala m'banja. M'kapepala kano tikufuna tione kuti kuthandiza mwana wamkulu ndi gawo lomaliza la kulera, ndipo cholinga chake n'chakuti tsiku lina mwanayo adzasenze yekha katundu wake, ndi wa ena omwe, mwa kufuna kwake.

Tikamati kholo sitikunena wobereka yekha ayi. Kuno kwathu, kumene ambiri timatsata mbumba ya kuchikazi, amalume ali ndi mawu aakulu pa ana a mlongo wawo. Pakati pathu palinso azakhali, agogo, achimwene ndi achemwali amene akuphunzitsa ana amasiye kapena ang'ono awo. Onsewa nkhaniyi ikuwakhudza.

Kumene ana athu amapita

Mwana wa ku Phalombe akakhoza bwino mayeso a MSCE amakhala ndi njira zingapo. Bungwe la NCHE limayendetsa kasankhidwe ka ophunzira opita ku mayunivesite a boma. Wina amapita ku Zomba, ku University of Malawi. Wina amapita ku MUBAS kapena ku KUHeS, sukulu zimene zinayamba kuima pazokha mu 2021 pamene yunivesite yakale ija inagawidwa. Wina amapita ku MUST ku Thyolo, imene inatsegulidwa mu 2014, wina ku Bunda, wina mpaka ku Mzuzu, ulendo wa tsiku lathunthu. Ena amatsala pafupi, pa koleji ya anamwino ya Holy Family kapena pa koleji ya aphunzitsi ya Phalombe. Enanso amapita ku Domasi, kapena kukaphunzira ntchito zamanja ku Nasawa. Alipo ambiri amene sanapeze malo m'makolejiwa, ndipo akuphunzira ukalipentala, utelala kapena umakaniko kwa mmisiri ku Migowi kapena ku Limbe. Awanso ndi ana a msinkhu womwewu, ndipo zonse zimene tikambirane pano zikuwakhudza chimodzimodzi.

Ndalama zowathandizira tonse tikudziwa kumene zimachokera. Ndi nandolo, mpendadzuwa, fodya, mpunga wa kumadambo a Chilwa, mbuzi yogulitsa mwadzidzidzi, kabaza, kapena ngongole ya ku banki m'khonde. Kuyambira mu 2015 kuli bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'mayunivesite, la HESLGB, koma si onse opempha amene amalandira, ndipo olandirawo nthawi zambiri amafunabe kuonjezeredwa. Malo ogona pa sukulu sakwanira, choncho ambiri amachita lendi panja, monga ku Chikanda ku Zomba. Pamwamba pa izi, mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda ndi nyumba, makamaka ku Nkhulambe, ndipo mu Novembala chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ndalama imene kholo limatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba imakhala ya thukuta lenileni. N'chifukwa chake funso la ulamuliro pa mwana limawawa chonchi. Munthu amene wagulitsa mbuzi yake yomaliza amaona kuti ali ndi ufulu wonse wolamula.

Kodi munthu amakula liti?

Chimodzi chimene chimatisokoneza n'chakuti mwana mmodzi yemweyo timamuyeza ndi miyeso yosiyana. Ku chinamwali amauzidwa kuti wakula ali ndi zaka 12 kapena 13. Boma limam'patsa chiphaso cha unzika pa zaka 16. Malamulo aakulu a dziko, monga anasinthidwira mu 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo pa zaka 18 munthu angathe kuvota ndi kulowa m'banja. Ngongole ya sukulu ija amasainira yekha, ndipo adzabweza ndi iye. Koma pakhomo, popeza sanakwatire ndipo sakulandira malipiro, amaonedwabe ngati mwana wotumidwa kuchigayo, ngakhale ali ndi zaka 24. Mwanayo amasokonezeka, makolonso amasokonezeka.

Dongosolo la Chibaha'i limatipatsa chitsanzo chothandiza. Pa zaka 15 wachinyamata amayamba kusenza yekha udindo wa pemphero ndi kusala kudya. Kuyambira mu 2021, pa zaka 18 amaponya nawo voti posankha Bungwe Lauzimu. Pa zaka 21 iye mwini angathe kusankhidwa. Tikuonapo kuti udindo superekedwa wonse tsiku limodzi, komanso suumiridwa mpaka kalekale. Umaperekedwa pang'onopang'ono, ndipo ukaperekedwa umakhaladi wake. Palibe amene amaimirira kumbuyo kwa mnyamata wa zaka 18 kuti aone dzina limene walemba pa kapepala ka voti.

Alimi a fodya ndi tomato amadziwa bwino zimenezi. Mbande zikakhala pa nazale zimaphimbidwa ndi udzu ndi kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo. Koma nthawi yowokera ikayandikira, mlimi amachotsa udzu uja ndi kuchepetsa madzi, kuti mbande zikhwime. Sachita izi chifukwa chotopa nazo. Amadziwa kuti mbande yozolowera mthunzi imafota tsiku loyamba lomwe m'munda. Amadziwanso kuti akasiya kuthirira kamodzin'kamodzi, mbande zifera pa nazale pomwepo. Zaka za ku koleji ndi nthawi yokhwimitsa imeneyi. Luso la kholo lagona pa kudziwa chimene lichotse lero ndi chimene lisiyebe.

Kodi fizi ndi ngongole?

Tiyeni tiyambe ndi chovuta kwambiri. Timamva kawirikawiri mawu akuti, “Ameneyu ndiye khasu lathu,” kapena, “Ukadzayamba ntchito udzatibwezera.” Sitiyenera kunyoza mawu amenewa. Mlimi alibe penshoni. Nthawi zina ang'ono a mwanayo amadikira kunyumba kapena kuvala zong'ambika kuti mkulu wawo amalize. Kuyembekeza kuti wophunzirayo adzakumbukire kwawo ndi chilungamo ndithu, ndipo mwana woiwala amene anam'lera wataya umunthu.

Komabe ngongole ndi kuthokoza ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo zimabala zipatso zosiyana. Wangongole amathawa amene anam'kongoza. Akamuona panjira amakhota, foni ikalira sayankha. Ndipo ngongole ikabwezedwa ubale umatha, chifukwa aliyense watenga zake. Wothokoza sathawa, ndipo sanena kuti ndamaliza kubweza. Kholo limene limakumbutsa mwana mtengo wa mbuzi iliyonse imene inagulitsidwa limadzisandutsa lokha wokongoza, ndipo lisadabwe mwana akayamba kuzemba. Kuphunzitsa mwana ndi udindo umene tinausenza tsiku limene anabadwa. Iye sanasaine pangano lililonse. Tikam'patsa ngati mphatso ndi udindo wathu, tikum'phunzitsa kuti nayenso adzapatse ena chimodzimodzi.

Palinso choona china chimene tiyenera kuchivomereza. Digiri masiku ano si lonjezo la ntchito. Tonse tikudziwa aphunzitsi ndi anamwino amene anamaliza maphunziro n'kukhala pakhomo nthawi yaitali akudikira kulembedwa. Mwana amene wauzidwa kuti banja lonse likudikira malipiro ake, akasowa ntchito amachita manyazi kubwera kumudzi. Amangozungulira m'tauni, kugona kwa anzake, kunama kuti zinthu zikuyenda. Apa banja lataya zonse ziwiri, ndalama ndi mwana yemwe.

Nanga ang'ono ake aja? Nkhani yawo ikambidwe poyera mwanayo asanapite, onse ali pomwepo. Banja lingagwirizane kuti mkuluyo akadzapeza chochita adzathandize fizi ya mng'ono wake mmodzi, malinga ndi zimene azidzapeza. Lonjezo limene munthu wapanga ndi pakamwa pake, akudziwa kukula kwake, amalisunga mokondwa. Katundu amene wangomugwera pamutu popanda malire amamuthyola khosi.

Kunena zoona pa nkhani ya ndalama

Makolo ambiri amabisira ana za chuma cha pakhomo. Ena amatero pofuna kuti mwana asadandaule, ena poona kuti si nkhani ya ana. Zotsatira zake n'zakuti mwana ali ku Zomba amaganiza kuti bambo akungouma manja, pamene bambo ali ku Chiringa akuganiza kuti mwana akumwaza ndalama. Onse awiri akuweruzana mu mdima.

Njira yabwino ndi kukhala pansi teremu isanayambe ndi kuwerengera limodzi. Kholo linene kuti chaka chino tapeza matumba akutiakuti a nandolo, mtengo wake ndi uwu, feteleza adya zakuti, zotsala ndi izi. Mwana nayenso anene mtengo weniweni wa lendi, ufa, makala, ndiwo, sopo, mabando a intaneti, kusindikiza mapepala ndi thiransipoti. Kenaka agwirizane ndalama imene izitumizidwa ndi tsiku lake. Ikatumizidwa, kagwiritsidwe kake kakhale m'manja mwa mwanayo. Akaimaliza pa 20, aone yekha mmene masiku 10 otsalawo amatalikira. Mwezi wotsatira adzawerengera bwino kuposa mmene mawu athu akanam'phunzitsira. Izi sizikutanthauza kuti tim'siye agone ndi njala masiku ambiri kapena adwale osathandizidwa. Tikungoti kholo lisakhale lothamangira kukakongola nthawi iliyonse imene foni yalira.

Kuona mtima kumeneku kukhale kwa mbali zonse. Mwana wopeka za mabuku kapena za ulendo wa sukulu umene kulibe akuba kwa amayi ake. Koma kholo lolonjeza kuti nditumiza Lachisanu, likudziwa kuti lilibe, nalonso likuphunzitsa bodza. Kunena kuti “mwezi uno sindikwanitsa” n'kowawa, koma kumam'patsa mwana nthawi yoti afune njira ina, monga kuphunzitsa ana a sekondale madzulo, kumeta, kuluka tsitsi kapena kugulitsa kanthu. Ntchito zoterezi si zochititsa manyazi. Ntchito iliyonse yoona, yogwiridwa ndi mtima wotumikira, ili ndi ulemu wake.

Kuchoka pa kulamula kufika pa kukambirana

Mwana wamng'ono timamulamula chifukwa sadziwa kuti moto umawotcha. Mwana wa ku koleji akudziwa zinthu zina zimene ife sitikuzidziwa, ndipo ife tikudziwa zina zimene iye sanazione. Pamene mbali zonse zili ndi gawo la choonadi, chida choyenera ndi kukambirana, kumene timakuphunzira m'magulu athuwa. Aliyense amanena maganizo ake momasuka ndi mwaulemu. Akawanena sakhalanso ake, amakhala a onse, ndipo palibe wokakamira kuti zake ndizo zipambane. Cholinga ndi kupeza choona, osati kupeza wopambana. Ngati timatha kuchita izi ndi anthu a m'mudzi pokonza za kalasi ya ana, tingalepherenji kuchita ndi mwana wathu wobereka tokha?

Taganizirani za kusankha maphunziro. Bambo akufuna mwana akhale namwino chifukwa akuona kuti ntchito yake ndi yodalirika. Mwana mtima wake uli pa zaulimi. Bambowo ali ndi mfundo, ndipo ayenera kuinena momveka, pamodzi ndi mantha awo onse. Koma amene adzadzuke usiku kukaona odwala kwa zaka 30 ndi mwanayo. Namwino wokakamizidwa amazunzika yekha, n'kuzunzanso odwala. Kholo lili ndi ufulu wofunsa mafunso ovuta: wafufuza mokwanira? Walankhula ndi amene akugwira ntchito imeneyo? Zikakanika udzatani? Mwana akayankha mosonyeza kuti waganiza, chisankho chikhale chake. Kuopseza kuti “ukapanda kumvera ndisiya kulipira” kumagula kumvera kwa kanthawi, koma kumaphunzitsa mwana kuti chikondi cha pakhomo chili ndi mtengo.

Pali zinthu zimene tingazisiye m'manja mwake ndi mtima wokhazikika: anzake, kagawidwe ka nthawi yake, kavalidwe kake, maganizo ake pa ndale. Ngakhale pa za chikhulupiriro, timaphunzitsidwa kuti munthu aliyense afufuze yekha choonadi, osangotsata za makolo mwachimbulimbuli. Mwana akabwera patchuthi ndi mafunso ovuta, si chizindikiro chakuti watayika. Mwina ndi pamene chikhulupiriro chake chikuyamba kukhala chakechake. Tim'mvetsere mpaka amalize, ndipo ngati yankho sitikulidziwa tifufuze naye limodzi.

Foni nayo ifunika nzeru. Kuimba kamodzi kapena kawiri pa sabata kufunsa za moyo n'kwabwino. Kuimba usiku uliwonse kufunsa kuti uli kuti ndipo uli ndi yani, kapena kutuma mwana wa mnansi kuti azimuzonda, kumam'phunzitsa luso lobisa. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Tinam'tumiza kutali kuti akaone madziwe ena, ndiye tisam'mangirenso chingwe kumwendo.

Akalakwitsa

Wina anganene kuti zonsezi n'zokoma pokamba, koma nanga mwana akagwa m'dzenje? Funsoli ndi loona. Kumene ana athu amapita kuli mowa, chamba, kubetcha mpira pa foni ndi anzawo olimbikitsa zoipa. Ufulu umene tikunenawu uli ndi ngozi zake, ndipo sitingalonjeze kuti mwana aliyense wopatsidwa ufulu adzayenda bwino. Chimene tinganene n'chakuti mwana woumirizidwa nayenso amagwa, ndipo amagwa mobisa.

Tisiyanitse zolakwa zazing'ono ndi zazikulu. Kuwononga ndalama ya mwezi umodzi, kulephera phunziro limodzi n'kulembanso, kukhulupirira mnzake wosayenera, izi ndi sukulu ya moyo. Tizisiye zim'phunzitse, ndipo tipewe mawu aja akuti “ndinakuuza ine.” Koma tikaona zizindikiro za uchidakwa, za ngongole za juga, za nkhanza zochokera kwa chibwenzi, kapena mwana amene wasiya kudya, kugona ndi kulankhula, apo kukhala chete si ulemu. Tikwere galimoto tikamuone ndi maso. Tilankhule naye mwachindunji, ndipo ngati pafunika achipatala kapena alangizi a pa sukulupo, tim'perekeze. Munthu wamkulu nayenso amafuna wom'gwira dzanja akamamira.

Chachikulu koposa n'chakuti mwana adziwe, asananyamuke n'komwe, kuti khomo la kwawo silidzatsekedwa. Wochotsedwa sukulu chifukwa cholephera mayeso, kapena mtsikana amene watenga pathupi, nthawi zambiri amaopa makolo kuposa vutolo. Mantha amenewo ndi amene amachititsa ena kubisa kwa chaka chathunthu, ena kufuna njira zoopsa, ena kuganiza zodzichotsera moyo. Mawu ochepa onenedwa pa tsiku lotsanzikana angapulumutse moyo: “Chilichonse chikakuchitikira, uyambe kutiuza ife. Tikhoza kukhumudwa, koma sitidzakutaya.” Kukhululuka sikufafaniza zotsatira za cholakwa. Mwanayo adzazisenzabe, koma adzazisenza ali pakati pa abale ake. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo dambo limene limakolezera moto lataya ntchito yake.

Ana aakazi ndi nkhani ya banja

Ndalama zikachepa, kawirikawiri amene amauzidwa kuti adikire ndi mwana wamkazi. Chiphunzitso chathu chimanena zosiyana ndi izi: ngati banja silingathe kuphunzitsa ana onse, mtsikana ndiye ayambe, chifukwa iye adzakhala mphunzitsi woyamba wa m'badwo wotsatira. Tionjezepo kuti mtsikana amene watumizidwa ku koleji popanda sopo ndi chakudya chokwanira waikidwa pakamwa pa zidyamakanda. Kumulangiza za khalidwe n'kofunika, koma malangizo ayende pamodzi ndi thandizo. Ndipo ufulu umene tikupatsa mnyamata tim'patsenso mtsikana. Si chilungamo kuti patchuthi mlongo wake azikhala pa mkeka akuwerenga, iye ali kumunda, kuchitsime ndi kukhitchini tsiku lonse, kenaka tidabwe kuti sanakhoze bwino.

Pa zaka zimenezi ambiri amapezanso amene adzamange naye banja. Lamulo la ukwati wa Chibaha'i limaika malire omveka bwino: osankhana ndi awiriwo, makolo alibe mphamvu yowasankhira. Koma akasankhana, ukwati suchitika popanda chilolezo cha makolo owabereka amene ali moyo. Taonani mmene mbali ziwirizi zagwirizanirana. Mwana ali ndi ufulu weniweni, kholo lili ndi udindo weniweni, ndipo palibe amene angayende yekha. Chilolezocho chinaikidwa kuti mabanja agwirizane. Kholo loona limayang'ana khalidwe la munthuyo, osati mtundu wake, chuma cha kwawo kapena boma limene akuchokera. Mwana wa Chilomwe akabwera ndi mnzake wa ku Rumphi kapena ku Mangochi amene anakumana naye ku koleji, imeneyo ingakhale mphatso ya umodzi ku banja lathu.

Mbali ya mwanayo

M'gulu lathu muli achinyamata, ndipo mawu awa ndi anu. Ufulu umene mukuufuna umayenda ndi katundu wake. Ngati mukufuna kuti makolo akuoneni ngati akuluakulu, onetsani zotsatira za mayeso musanafunsidwe, zabwino ndi zoipa zomwe. Imbani foni ngakhale tsiku limene simukufuna ndalama. Mukabwera patchuthi gwirani khasu, thandizani ang'ono anu masamu, khalani pansi ndi agogo. Musawakonze Chingerezi amayi anu pagulu, ndipo musanyansidwe ndi nsima ya pakhomo imene inakukulitsani. Mayi amene sanamalize pulayimale koma wakwanitsa kulera ana asanu ndi munda wa ekala imodzi ali ndi nzeru zimene simudzazipeza m'laibulale. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Mukasiyana nawo maganizo, nenani mwaulemu ndipo perekani zifukwa. Kungoti “inu simungamvetse” si mayankhulidwe a munthu wamkulu.

Dzifunseninso kuti maphunziro anuwa ndi a yani. Boma la Phalombe likufuna aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaulimi ndi amisiri odziwa kumanga milatho ndi nyumba zopirira madzi osefukira. Amene anaona napolo wa mu 1991 akutsika m'phiri la Michesi, ndi amene anaona Freddy, akudziwa kufunika kwake. Si onse amene mudzabwerere kudzakhala kuno, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Koma kulikonse kumene mudzakhale, nzeru imene sithandiza munthu wina aliyense ndi yosabala.

Kudziimira paokha kwa mtundu wanji?

Ena amaopa mawu akuti kudziimira paokha poganiza kuti ndi mwambo wachilendo, woti mwana akakula aiwale kwawo. Si zimene tikunena pano. Munthu wodziimira payekha ndi amene angathe kuganiza, kusankha, kuvomera zotsatira za zosankha zake, ndi kukhala mzati umene ena angatsamire. Mzati umene ukudalira kugwiriziridwa sungasenze denga. Ngati tikufuna kuti ana athu adzatisamale tikadzakalamba, adzalere ana amasiye a m'banja ndi kutumikira mudzi, tiyenera kuwalola kuti aime ndi miyendo yawo tikadali moyo, pamene tingathe kuwadzutsa akagwa.

Ntchito imeneyi si ya banja limodzi lokha. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Amene alibe ndalama angathe kupereka thumba la ufa, kulembera wophunzira uthenga wolimbikitsa, kapena kum'lumikiza ndi abwenzi a ku Zomba, Blantyre kapena Lilongwe kuti asakhale yekha kuchilendo. Amene ana awo anamaliza kale angathe kukhala pansi ndi amene akutumiza mwana koyamba. Ndipo tonse tingathe kusiya miseche mwana wa mnzathu akabwerako osamaliza, chifukwa miseche ndi imene imachititsa mabanja kubisa mavuto mpaka atakula.

Mafunso okambirana

1. Ndi zosankha ziti zimene mwana wa zaka 19 ayenera kupanga yekha, ndipo ndi ziti zimene ayenera kukambirana ndi makolo? Perekani zifukwa.

2. Kodi kholo lili ndi ufulu wosiya kulipira fizi? Ngati ulipo, ndi pa zifukwa zotani, ndipo mwanayo auzidwe motani?

3. Tingasiyanitse bwanji mwana wothokoza ndi mwana amene akungobweza ngongole? Ndi mawu ati a pakhomo amene amabala aliyense wa awiriwa?

4. Pamene bambo ndi amalume asiyana maganizo pa tsogolo la mwana, kukambirana kuyende bwanji kuti mawu a mwanayo amvekenso?

5. Sabata ino, aliyense aganizire wachinyamata mmodzi wa m'banja kapena m'mudzi mwake amene ali kutali ndi sukulu kapena ntchito. Ndi chinthu chimodzi chiti chimene tingam'chitire, ndipo ndi udindo umodzi uti umene tingam'siyire kuti ausenze yekha? Tidzafotokozerana tikadzakumananso.